Kuyesa zilembo, zojambula ndi mitundu pa ntchito ya m'kalasi ya zaluso

Aphunzitsi akapereka ntchito yopanga chikwangwani, ophunzira ambiri amathamangira pa kompyuta. Amalemba mawu aja, n'kusintha fonti (kapangidwe ka zilembo), nthawi yomweyo n'kusinthanso mtundu, kukuza chithunzi, kusuntha ichi ndi icho. Pofika madzulo amakhala ndi zikwangwani zambirimbiri, china n'kumaonekadi bwino, koma mukawafunsa chomwe chachikongoletsa amangoti kukamwa yasa. Kumeneko n'kulotera. Woyesa weniweni amasintha chinthu chimodzi, zina zonse n'kuzisiya momwe zinalili, kenako n'kugundaniza mapepala awiriwo kuti maso aweruze. Malangizo ali m'munsiwa atsamira pa lamulo limeneli.

Kuti tisalankhule za m'malere, tiyerekeze kuti mwapatsidwa pepala la A3, la mamilimita 297 m'lifupi ndi 420 m'litali. Pakufunika liwu limodzi lalikulu, NYANJA, chojambula chimodzi, ndi mizere ingapo ya mawu ang'onoang'ono. Tiyamba ndi zilembo, tibwere ku chojambula, mitundu idzalowa kumapeto. Mpaka tidzafike kumeneko, zonse zikhale zakuda ndi zoyera.

Konzani pogwirira ntchito

Werengani kawiri zomwe aphunzitsi alemba, ndipo patsamba loyamba la buku lanu lojambulira lembani chiganizo chimodzi chonena zomwe woona ayenera kumva. "Nyanja ndi yaikulu, munthu ndi wamng'ono" ndi chiganizo chothandiza. "Chikhale chokongola" sichithandiza, chifukwa mulibe choyezera. Lembaninso mtunda womwe munthu adzaime powerenga. Pafupi panu pakhale mapensulo, inki yakuda, burashi, sizasi, guluu, rula, pepala loonekera kuseri, ndi mapepala amitundumitundu ong'amba m'magazini akale. Chilichonse chomwe mwayesa chipatseni nambala ndi tsiku, ndipo musataye ngakhale chonyansa.

Zilembo: yambani ndi manja

Sindikizani liwu lija m'zilembo zikuluzikulu, zotalika ngati masentimita 8, m'mafonti atatu osiyana kwambiri. Garamond ndi ya kalembedwe ka Claude Garamond, yemwe ankasema zilembo ku Paris m'zaka za m'ma 1500, ndipo ili ndi timichira kumapeto kwa mizere, tomwe akatswiri amati serif. Futura anaipanga Paul Renner ku Germany, inatuluka mu 1927, ndipo inamangidwa pa bwalo, mzere wowongoka ndi ngodya zakuthwa. Helvetica inatuluka ku Switzerland mu 1957, yojambulidwa ndi Max Miedinger. Ngati kompyuta yanu ilibe amenewa, EB Garamond ndi Jost zimapezeka mwaulere pa Google Fonts, ndipo Arial ikhoza kuimira Helvetica pa ntchito iyi.

Ikani pepala loonekera lija pamwamba, mulondole chilembo chilichonse ndi pensulo, kenako mudzaze inki. Ntchitoyi imaoneka yachibwana, koma dzanja limatulukira zomwe diso limadumpha. Mu Garamond mudzaona kuti mwendo wakumanzere wa A ndi wowonda pomwe wakumanja ndi wonenepa, ndiponso kuti pa N mizere iwiri yoimirira ndi yowonda, wopendekera ndiye wonenepa. Mu Futura nsonga ya A imapyola pang'ono mzere womwe zilembo zina zimathera, chifukwa ikanathera ndendende pamzerewo ikanaoneka yaifupi. Zilembo zozungulira monga O ndi S nazo zimapyola pang'ono pamwamba ndi pansi pa chifukwa chomwecho. Wopanga zilembo amanamiza rula kuti akhutitse diso.

Kunenepa ndi kuwonda kwa Garamond kunachokera ku cholembera cha mlomo waphwatalala. Mutha kudzionera nokha. Mangani mapensulo awiri pamodzi ndi kamphira, nsonga zifanane, muwagwire mopendeketsa pafupifupi madigiri 30, ndipo mulembe NYANJA osapotoza dzanja. Mizere iwiriyo idzatalikirana pena, n'kuyandikana pena, m'malo omwewo munaona kunenepa ndi kuwonda muja. Edward Johnston, yemwe anapanga zilembo za sitima zapansi panthaka za ku London mu 1916, ankaphunzitsa ophunzira ake kulemba ndi cholembera chotere, ndipo mapensulo awiriwa akadali njira yachidule yomvetsera zimenezi.

Tsopano dulani zilembozo chimodzichimodzi, muziyale papepala loyera pomwe mwajambula mzere woimikapo. Apa ndi pomwe pali ntchito yeniyeni. Mukayeza mpata wofanana ndi rula kuchokera pa nsonga ya chilembo kufika pa nsonga ya chinzake, liwulo liduka: pakati pa Y ndi A patsala chimpata chopendekera, ndipo munthu awerenga ngati mawu awiri, NY ndi ANJA. Chofunika kufanana ndi kukula kwa malo oyera, osati mtunda. Yerekezani kuti mukuthira madzi pakati pa zilembo ziwiri zilizonse, ndipo mpata uliwonse uyenera kumwa kapu imodzimodzi. Ndiye kuti A alowe pansi pa mkono wa Y, J ayandikire N chifukwa kumtunda kwake kuli kale malo opanda kanthu, pomwe zilembo za mizere yoimirira zikakumana zimafuna mpata wokulirapo. Pa kompyuta kukonza mpata wa zilembo ziwiriziwiri kotereku amati kerning.

Njira ziwiri zoonera ngati mwakhoza. Yoyamba, tembenuzani pepalalo chadodolido kuti ubongo usiye kuwerenga, uzingoona mawanga akuda ndi oyera. Yachiwiri, phimbani zilembo zonse kupatula zitatu, NYA, kenako YAN, kenako ANJ, ndipo muone ngati chapakaticho chili pakatidi. Mukakhutira, matani ndi guluu.

Mukasankha fonti imodzi, yambani kuyesa kwa chinthu chimodzichimodzi. Pamapepala anayi sinthani kukula kokha, kuyambira liwu laling'ono lotayika pakati pa pepala mpaka lalikulu loti N woyamba ndi A womaliza adulidwe m'mphepete. Pa ena anayi sinthani malo okha: pamwamba, pansi penipeni, choimirira m'mbali, chopendekera. Pa ena sinthani kunenepa kokha. Mukatero bwererani ku chiganizo chanu chija. Ngati nkhani ndi kukula kwa nyanja, mwina mudzapeza kuti liwu laling'ono pansi pa malo aakulu opanda kanthu likunena zambiri kuposa zilembo zodzaza pepala. Chinthu chimodzi chokha ndikuletsani: musakoke zilembo ndi mbewa ya kompyuta kuti zitalike kapena zifutukuke. Mizere yoimirira ndi yopingasa imasiya kugwirizana, ndipo mphunzitsi aliyense amaziona ali pakhomo. Ngati mukufuna zilembo zopanikizana, funani fonti yomwe inapangidwa choncho.

Mawu ang'onoang'ono ali ndi malamulo awo. Zilembo zimayezedwa m'mapoyinti, ndipo mapoyinti 72 ndi inchi imodzi. Mpata wa pakati pa mizere yambani ndi pafupifupi 120 peresenti ya kukula kwa zilembo, kutanthauza kuti zilembo za mapoyinti 20 zikhale pa mpata wa 24, kenako muziwonjezera kapena kuchepetsa poona. Mzere wowerengeka bwino umakhala ndi zilembo pakati pa 45 ndi 75, kuphatikiza mipata. Olemba m'Chichewa achenjere ndi mizere yofanana mbali zonse ziwiri m'danga lopapatiza, pakuti mawu athu ndi aatali ndipo kompyuta imasiya mabowo aakulu pakati pawo. Ndi bwino kufananitsa kumanzere kokha. Onaninso msanga ngati fontiyo ili ndi ŵ, chifukwa mafonti ena aulere alibe, ndipo kompyuta imabwereka chilembocho ku fonti ina mwakachetechete. Mafonti awiri pachikwangwani chimodzi akwana, ndipo nthawi zambiri imodzi yokhala ndi zilembo zonenepa ndi zowonda imatha ntchito yonse.

Chojambula: tizithunzi ting'onoting'ono kaye

Jambulani timabokosi tambiri patsamba limodzi, kalikonse kotalika ngati masentimita 5, kofanana maonekedwe ndi pepala la A3. M'kabokosi kalikonse ikani ganizo limodzi ndi burashi ya inki, osapitirira mphindi ziwiri, ndipo liwu lija muzilisonyeza ndi kamzere kakuda pamalo pake. Kuchepa kwa malo kumakukanizani kukongoletsa. Maganizo oyambirira amakhala omwe aliyense m'kalasimo waganiza, mafunde, dzuwa likulowa, nsomba ikudumpha. Atulutseni ndithu kuti achoke m'mutu, koma musaime pomwepo. Osangalatsa amabwera pamene mwayamba kutopa.

Funso lothandiza ndi ili: chithunzichi chikuwonjezera chiyani pa liwulo? Liwu likati NYANJA, chithunzi n'kuonetsanso nyanja basi, mwanena chinthu chimodzi kawiri. Koma kabwato kakang'ono kwambiri pakona ya pepala, kapena mapazi a munthu ooneka kuchokera pansi pa madzi, kapena zilembo zomwe theka lake lamira, zimapatsa woona kanthu koti amalize yekha m'mutu. Yang'aniraninso malo opanda kanthu. Tengani kabokosi kamodzi, mukajambulenso mosinthanitsa, pakuda pakhale poyera, poyera pakhale pakuda. Ngati malo ozungulira bwato alibe maonekedwe okoma paokha, chithunzicho sichinakhazikike.

Sankhani maganizo awiri kapena atatu, muwakuze pa pepala la A5, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a A3. Zomwe mukujambula zionereni pa chinthu chenicheni kapena pa zithunzi zomwe mwajambula nokha. Chithunzi cha wina cha pa intaneti chili ndi mwini wake, ndipo masukulu ambiri amaona kukopera ntchito ya wina ngati mlandu waukulu.

Kenako ganizo likhale lomwelo, chisinthe ndi chipangizo. Lijambuleni ndi burashi ya inki. Lipangeninso podula mapepala akuda ndi sizasi, osayamba mwajambula ndi pensulo. Henri Matisse, wojambula wa ku France, anagwira ntchito motere m'zaka za m'ma 1940 mpaka kumapeto kwa moyo wake, akudula mapepala opakidwa kale utoto, ndipo sizasi imachotsa timizere tamantha tomwe pensulo imalola. Ngati kusukulu kwanu kuli lino (chipepala chokhuthala chofewa chomwe amasemapo chithunzi choti adinde) ndi timipeni take, semani ganizo lomwelo n'kudinda. Semani molozetsa mpeni kutali ndi dzanja logwira. Kumbukiraninso kuti chodinda chimatuluka chotembenuka, choncho zilembo zisemedwe chobwerera. Pa liwu lathuli pali msampha: A ndi Y opanda timichira amaoneka chimodzimodzi mbali zonse, ndiye amakugonekani tulo, koma N ndi J akatembenuka aliyense amaona. Yang'anani pagalasi musanaseme.

Yalani zitatuzo pafupi ndi zilembo zanu. Mzere wokhakhala wa lino ukhoza kugwirizana ndi Futura yonenepa, mzere wa burashi n'kukondana ndi Garamond, kapena mwina kutsutsana kwawo ndi komwe kungakome. Lembani zomwe mwaona.

Mitundu

Albert Munsell, mphunzitsi wa zaluso wa ku America, anafotokoza mu 1905 kuti mtundu uliwonse uli ndi mbali zitatu. Yoyamba ndi dzina lake, kaya wofiira, wabuluu kapena wachikasu. Yachiwiri ndi kuyera kapena kudera kwake. Yachitatu ndi ukali wake, kaya ndi wowala kwambiri kapena wozilala ngati wathiridwa phulusa. Ophunzira amakangana za mbali yoyamba, koma yomwe imapangitsa chikwangwani kuwerengeka ndi yachiwiri. N'chifukwa chake tinachedwa dala pa zakuda ndi zoyera.

Musanakhudze chikwangwani chanu, chitani kaye zoyesa ziwiri ndi mapepala a m'magazini aja. Dulani tizidutswa tiwiri tofanana papepala limodzi lotuwa, kamodzi mukaike pakati pa pepala lachikasu, kena pakati pa pepala labuluu wodera. Ka pachikasu kadzaoneka kodera ndi kopendekera ku pepo, ka pabuluu kadzaoneka koyera ndi kofundirako. Pepala ndi lomwelo. Michel Eugène Chevreul, katswiri wa mankhwala yemwe ankayang'anira zonyika ulusi pa fakitale ya nsalu ya Gobelins ku Paris, analandira madandaulo akuti ulusi wakuda ukutuluka wofooka. Atafufuza anapeza kuti utoto unalibe vuto, koma mitundu yoyandikana nawo ndi yomwe inkasintha maonekedwe ake, ndipo mu 1839 anasindikiza zomwe anapezazo. Choyesa chachiwiri n'chovutirapo: pezani mitundu iwiri yosiyana pang'ono, ndipo musake mapepala oikapo mpaka iwiriyo ioneke ngati umodzi. Josef Albers, yemwe anaphunzitsa ku sukulu ya zaluso ya Bauhaus ku Germany, kenako ku Black Mountain College ndi ku yunivesite ya Yale ku America, ankapatsa ophunzira ake ntchito zoterezi, ndipo ankafuna mapepala m'malo mwa utoto, chifukwa pepala lomwelo mutha kuliika malo awiri popanda kukayika kuti mwina munasakaniza mosiyana. Phunziro lake pa ntchito yanu ndi lakuti musasankhe mtundu uli wokha. Muziuona uli pamalo pomwe ukakhale, pafupi ndi anzake, pa kukula komwe ukakhale nako.

Tsopano pangani makope ang'onoang'ono a chikwangwani chanu, asanu ndi atatu kapena kuposerapo, ndipo mudziikire malire: mitundu iwiri ndi kuyera kwa pepala. Loyamba likhale la mtundu umodzi, woyera ndi wodera. Lachiwiri la mitundu yoyandikana pa bwalo la mitundu (bwalo lomwe mitundu imayalidwa motsatana ngati ya utawaleza), monga buluu ndi wobiriwira. Lachitatu la mitundu yoyang'anizana pa bwalo la mitundu, monga buluu ndi walalanje. Kenako tengani lachitatulo musinthe kuchuluka kokha: theka ndi theka, kenako buluu pafupifupi pepala lonse, walalanje pa kabwato pokha. Theka ndi theka imalimbana. Kadontho kamodzi ka lalanje pa buluu wambiri kamakoka diso pomwe mukufuna. Ndipo pangani limodzi lopanda buluu n'komwe. Nyanja yofiira kapena yakuda mwina simudzaisankha, koma idzakuuzani ngati chojambula chanu chikunenadi za madzi kapena chimangodalira mtundu.

Kope lililonse lijambuleni ndi foni, n'kusandutsa chithunzicho chakuda ndi choyera. Ngati liwu lasowa, ndiye kuti zilembo ndi pomwe zakhala n'zofanana kudera, ngakhale mayina a mitunduyo ali osiyana. Zofiira pa zobiriwira zimakonda kugwa pa mayeso amenewa, zimanjenjemera m'maso, ndiponso pali anthu, makamaka amuna, omwe amavutika kusiyanitsa mitundu iwiriyi.

Ngati mukugwiritsa ntchito utoto, pali zingapo zoti mudziwe. Pofuna kuzilalitsa mtundu waukali, thiranimo pang'ono woyang'anizana nawo m'malo mwa wakuda. Wakuda umapha mitundu yambiri, ndipo mu chikasu umatulutsa chobiriwira chodetsedwa. Yambani ndi mtundu woyera, muziwonjezera wodera pang'onopang'ono, chifukwa njira yobwerera imadya utoto wambiri. Utoto wa acrylic umadera ukauma, pomwe utoto wamadzi umayera, choncho dikirani kadontho koyesera kaume musanaweruze. Pambali pa kadontho kalikonse lembani zomwe mwasakaniza ndi kuchuluka kwake, apo ayi mawa simudzaupezanso.

Kuphatikiza ndi kusindikiza

Apa ndiye kompyuta ilowe. Chithunzi chosindikiza chimafuna madontho 300 pa inchi pa kukula kwake komaliza, ndiye A3 yathunthu ndi mapikiselo 3508 kwa 4961. Ngati munajambula pa A5 ndipo mukufuna chidzaze A3, chikula kawiri mbali iliyonse, choncho chisikanidwe pa madontho 600 pa inchi. Chithunzi cha pa foni chimapotoka m'mbali ndipo kuwala kwake sikufanana, ndiye ngati scanner ilipo, gwiritsani ntchito imeneyo.

Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu, komwe ndi RGB. Makina osindikizira amagwiritsa ntchito inki zinayi za CMYK, ndipo sangafikire ukali wonse wa pa sikirini. Buluu wowala ndi wobiriwira wowala ndiwo amavutika kwambiri: amatuluka ozilala, ndipo buluu weniweni wa pa sikirini amakonda kupendekera ku pepo. Pa chikwangwani cha nyanja imeneyi si nkhani yaing'ono. Funsani osindikiza mtundu wa fayilo yomwe akufuna, ndipo sindikizani kachigawo kakang'ono pa pepala lomwelo lomwe mudzagwiritse ntchito, kusanatsale tsiku limodzi. Mawu ang'onoang'ono akuda akhale a inki yakuda yokha, chifukwa inki zinayi zikaphonyana pang'ono zilembo zimachita chimbuuzi. Ngati mtundu ukufika m'mphepete, upitirize mamilimita 3 kunja kwa mzere wodulira. Tumizani PDF yokhala ndi mafonti mkati mwake.

Kuonetsa anzanu ndi kulemba ndemanga

Pachikani zikwangwani ziwiri kapena zitatu zomaliza pakhoma, muime pa mtunda womwe munalemba poyamba paja. Itanani mnzanu yemwe sanazionepo, ndipo musamufunse ngati zamusangalatsa, adzangokukomerani m'kamwa. Mufunseni chomwe waona poyamba, chachiwiri, ndi chachitatu. Ngati dongosolo lake likusiyana ndi lomwe munafuna, mwadziwa pokonza, ndipo pokonzapo musinthe chinthu chimodzi, mumuonetsenso.

M'maphunziro ambiri a zaluso malikisi sachokera pa chikwangwani chomaliza chokha, amachokeranso pa umboni wa njira yomwe mwayenda. Matani zoyesa zanu m'buku motsatira manambala aja, ziwiriziwiri zoyang'anizana, ndipo pansi pa chilichonse lembani mizere iwiri kapena itatu: chomwe munasintha, chomwe chinachitika, chomwe munachita pambuyo pake. "Ndinachepetsa lalanje kuti likhale pa bwato pokha, diso layamba kupita ku bwato lisanafike pa liwu, ndiye ndakuza zilembo pang'ono" ndi ndemanga yomwe woyesa mayeso angagwirepo kanthu. Ngati mwatchula Albers kapena Matisse, onetsani tsamba lomwe munayesa njira yawo ndi manja anu. Lembani ndemangazi tsiku lomwelo mwayesa, chifukwa zolemba usiku woti mawa mupereka ntchito zimafanana zonse ndipo aphunzitsi amazizindikira.